Mafuta onunkhira a Khirisimasi kuchokera ku nthano za maluwa a Maria

Moni nonse! Lero tikusakaniza mafuta onunkhira a Khirisimasi, ndipo amene munagula kale kabotolo kolembedwa kuti mafuta a lily, musachoke, ndili nanu mawu.

Tithamange pa nthano. Akhristu a ku Ulaya amati Maria, pothawira ku Iguputo, anayanika chofunda chake pa tchire la rosemary, maluwa ake oyera n'kusanduka abuluu. Lavenda akuti ndi pomwe ankayanika tizovala ta mwana Yesu. Izi si za m'Baibulo ayi. Za m'Baibulo ndi lubani ndi mure, Mateyu 2:11.

Choyamba, pezani kabotolo kagalasi kakuda ka 5 ml. Koyera ayi, kuwala kumawononga mafuta.

Chachiwiri, madontho 30 onse pamodzi: lavenda 12, lubani 8, malalanje otsekemera 5, rosemary 3, mure 2. Yambani ndi mure, chifukwa ndi wolimba ngati uchi wa m'nyengo yozizira. Fumbatani kabotolo kake m'manja mphindi zingapo kuti afewe, musamagwedeze mokwiya, mungathire madontho 6 nthawi imodzi fungo lonse n'kuwawa. Rosemary nayenso musapitirire atatu, akachuluka amameza lavenda yense, chipinda n'kumanunkha ngati mankhwala a chifuwa.

Tsopano nkhani ya lily, imene imandipweteka mutu. Duwa loyera lija mngelo Gabrieli amanyamula pa zithunzi zakale ndi Lilium candidum. Lina ndi lily of the valley, lomwe nthano imati linamera pomwe misozi ya Maria inagwera pansi pa mtanda. Aliyense amafuna kuliika mu msakanizo wotere, ndikumvetsa. Koma tamverani: duwa la lily of the valley silitulutsa mafuta mukaliphika ndi nthunzi monga amachitira ndi lavenda. Fungo lake limafera momwemo. Akatswiri a perefyumu ku France amalitcha duwa losalankhula. Ngakhale perefyumu ya Diorissimo, yomwe Edmond Roudnitska anapangira Dior mu 1956, fungo la duwali analimanga ndi zinthu zina, sanalifinye m'maluwa. Ndiye kabotolo kotchipa kaja, kokhala ndi chithunzi chokongola, muli chiyani? Fungo lopangidwa ku fakitale. Kununkhira kumanunkhira, koma asakuuzeni kuti ndi lochokera m'duwa. Tembenuzani botolo: ngati palibe dzina lachilatini la chomera ndi dziko lomwe chachokera, mwadziwa kale. Ndipo chonde musayese kunyika maluwawo m'mafuta kunyumba. Lily of the valley ndi wapoizoni, amasokoneza kagundidwe ka mtima, pomwe mitundu ya Lilium imawononga impso za amphaka.

Ngati izi mwazimva koyamba, dinani batani la subscribe pansipa, mundiuzenso botolo lanu lalembedwa chiyani.

Chachitatu, tsekani, gubuduzani kabotolo pakati pa zikhatho, kasiyeni m'kabati masiku awiri. Tsiku loyamba mumangomva malalanje, lubani amatulukira mochedwa.

Chachinayi, kagwiritsidwe ntchito. Pakhungu, madontho 4 okha mu 10 ml ya mafuta a jojoba (mafuta a njere za chomera, osungunulira msakanizowu), zomwe ndi pafupifupi 2%. Yesani kaye pang'ono mkati mwa mkono, mudikire maola 24. Mu diffuser, kamakina komwaza fungo m'chipinda, madontho 3 kapena 4 kwa theka la ola, zenera lili lotsegula, ndipo mukatha pukutani kamakinako ndi spiriti chifukwa mure amamata. Amayi oyembekezera, odwala khunyu ndi ana aang'ono, msakanizo uwu si wanu, rosemary ndi mure sizikuyenerani. Kumwa ayi, ngakhale dontho.

Lembani tsiku pa kabotolo. Mafuta a malalanje ndi omwe amayamba kuwonongeka, ndipo akatero amayabwa pakhungu, choncho sakanizani ochepa oti athe nyengo yomweyi. Sabata yamawa tikhudza nardo, mafuta amene Maria wa ku Betaniya anadzoza Yesu kumapazi.