Makalata a Omvera: Fizi Ikavuta Pakati pa Maphunziro

Mwaswera bwanji omvera athu kulikonse kumene muli, kaya pakhonde, kaya m'minibasi, kaya mukutimvera pa foni kuja ku Joni. Yakwana nthawi ya makalata anu. Sabata ino thumba langa ladzaza ndi nkhani imodzi, ya fizi ya ku koleji, moti ndasankhapo makalata atatu ndi kauthenga kamodzi ka pa foni. Mayina sinditchula, monga mwa masiku onse.

Yoyamba yachokera kwa mwana wamkazi, ndipo akuti:

"Malume, ndine mtsikana wa zaka 21, kwathu ndi ku Phalombe. Ndili chaka chachiwiri pa yunivesite ina ya boma. Chaka choyamba ankandilipirira ndi achimwene anga amene ali ku Johannesburg, koma ntchito inawathera, pano akusungidwa ndi anzawo. Mayi anga ndi mlimi wa nandolo, ndipo chipitireni namondwe wa Freddy munda wathu waukulu unakwiririka ndi mchenga ndi miyala. Ngongole ya boma ndinafunsira koma dzina langa silinatuluke. Semesita ino ndalipirako pang'ono chabe, ndipo atiuza kuti amene sanamalize sadzalowa m'chipinda cha mayeso. Mwini nyumba imene ndikuchita lendi nayenso sakundimwetsa madzi. Mnzanga akuti ndingonyamula chikwama ndipite kumudzi mwakachetechete, ndalama ikadzapezeka ndidzabwerera. Koma ndikuopa manyazi, chifukwa tsiku lopita kuno mudzi wonse unandiperekeza mpaka pa siteji. Nditani?"

Mwana wanga, pepa. Madzi a Freddy anadza mu Malichi 2023, koma m'mabanja ambiri a ku Phalombe, Mulanje ndi Chiradzulu sanaphwebe mpaka lero, ndipo kalata yakoyi ikuchitira umboni.

Mnzakoyo amakukonda, koma malangizo akewo usawatsate. Kupita kumudzi si kulakwa. Kulakwa n'kupita osatsanzika. Ku yunivesite kuli kusiyana kwakukulu pakati pa wophunzira amene wasungitsa malo ndi amene wangosowa. Wosungitsa malo amalemba kalata, akuluakulu amavomera, dzina lake limakhalabe m'kaundula ndipo amadziwa tsiku lobwerera. Wongosowa uja, mayeso akafika iye osaoneka, aphunzitsi sangalote kuti ali ku Phalombe akusaka fizi. Pa dzina lake pamalembedwa kuti sanalembe mayeso popanda chifukwa, ndipo zimenezo zimawerengedwa ngati kulephera. Ukadzabwera chaka chamawa ndi ndalama yako m'manja, ukadzapeza nkhani yasintha: sikhalanso ya umphawi, yasanduka ya kulephera maphunziro, ndipo khomo limenelo ndi lolimba kutsegula.

Ndiye mawa m'mawa, usanapange china chilichonse, pita ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira. Ukawafotokozere monga wandifotokozera ine, osabisa kanthu. Choyamba ukafunse ngati angakulole kulemba mayeso utasayina kuti udzalipira pang'onopang'ono. Ukafunsenso ngati pali thumba lothandiza ophunzira ovutika, chifukwa nthawi zina makampani, mipingo ndi anthu akufuna kwabwino amapereka thandizo kudzera mu ofesi imeneyo, ndipo limagwera amene mayina awo akudziwika kale kumeneko. Atsogoleri a bungwe la ophunzira nawonso uwaone. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Zonsezi zikakanika, lemba kalata kwa a Rejisitira, mkulu wosunga kaundula wa ophunzira, yopempha kuimika maphunziro kwa kanthawi pa chifukwa cha mavuto a zachuma. Ikhale yaifupi: dzina lako, nambala yako ya pasukulu, maphunziro amene ukuchita, chaka chimene uli, chifukwa chake, ndi nthawi imene ukufuna kudzabwerera. Ngati uli ndi umboni, kaya kalata ya amfumu, ya abusa kapena ya a zachisamaliro cha anthu ku boma lanu, uphatikize. Ulembe makalata awiri ofanana. Imodzi uwasiyire, inayo akudindire chidindo chosonyeza tsiku limene alandira, uisunge ngati mmene amayi ako amasungira buku la kusikelo. Uijambulenso pa foni. Ndikunena izi chifukwa anthu m'maofesi amasinthidwa, ndipo amene wakumwetulira lero n'kunena kuti "pita, tamva" mwina chaka chamawa sudzamupeza pa mpando umenewo. Mawu apakamwa sadzakuimira. Ndipo usakwere basi usanalandire yankho lolembedwa.

Ukamakatenga yankholo ufunse bwinobwino za ndalama imene walipira kale semesita ino, ngati idzakudikira kapena yapita. Ufunse kuti malo angakusungire kwa nthawi yaitali bwanji, chifukwa sasunga mpaka kalekale. Malamulo ake ali m'kabuku kaja anakupatsani pofika, kamene ambiri a inu mumatsekera pa windo losweka. Udziwiretunso kuti phunziro la semesita yoyamba kawirikawiri limaphunzitsidwa kamodzi pa chaka, ndiye amene waima semesita imodzi nthawi zambiri amadikira chaka chathunthu kuti akumane nalonso. Anzako adzakusiya kalasi imodzi. Zimawawa, sindikunamiza.

Za ngongole ya boma usataye mtima. Bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a sukulu zaukachenjede, lija limadziwika kuti Higher Education Students' Loans and Grants Board, linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, ndipo limaitanitsa ofunsira chaka ndi chaka. Kukanidwa kamodzi sikutseka mwayi wofunsiranso. Masiku ano amafunsira pa intaneti, ndiye uli kumudziko uzikhala tcheru ndi zilengezo, chiphaso chako cha unzika chikhale pafupi. Pofunsiranso ufotokoze zimene zasintha pakhomo panu, makamaka zoti amene ankakulipirira alibenso ntchito, poti mwina pa fomu yoyamba unaoneka ngati uli ndi pogwira.

Tsono za manyazi. Amene anakuperekeza pa siteji aja ndi omwewo amene anaona munda wa amayi ako ukukwiririka. Sakhala odabwa. Akakufunsa uwauze zoona, kuti wasungitsa malo ndipo udzabwerera mwezi wakuti. Mwinanso mwa iwo momwemo mutuluka wina wokugwira dzanja. Olankhula sasowa, inde, koma sindinaonepo mmodzi wa iwo atapita kukalipira fizi ya munthu.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo a ku Kasungu.

"Achimwene a pa wailesi, ine ndine mlimi wa fodya. Mnyamata wanga woyamba akuphunzira zowerengera ndalama pa koleji ina yomwe si ya boma ku Lilongwe, watsala ndi chaka chimodzi ndi theka. Fizi akweza kawiri chiyambireni. Pano akufuna K300,000 mwezi uno, pamene fodya wanga akadali m'chigafa. Pali mkulu wina pa tauni yathu ino wati andibwereka, ndidzabweze K450,000 pakutha pa mwezi. Mayi a kunyumba akuti bola tigulitse ng'ombe imodzi ya pangolo. Mwanayo akuti aime kaye chaka chino. Tasowa chogwira."

Bambo, zikomo potikhulupirira. Tiyeni tiwerengere limodzi, poti mwana wanu ndi wa masamu a ndalama, adzationa ngati talakwitsa. Katapila ameneyu akufuna theka pamwamba mwezi uliwonse. Mukalephera mwezi woyamba, K450,000 ija ibereka n'kufika K675,000. Mwezi wachitatu yadutsa miliyoni. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo inu mukudziwa kuposa ine kuti kufikitsa mabelo ku Chinkhoma kapena ku Kanengo si tsiku lomwelo kulandira ndalama. Pali kudikira pa mzere, pali kubwezedwa, pali zodula za kampani imene inakupatsani feteleza. Pofika tsiku loti ndalama yalowa ku banki, fodya yense adzakhala wa mkulu wa pa tauniyo, ndipo semesita yotsatira mudzayambiranso pomwepa.

Ng'ombe ya pangolo nayonso ndikuikayikira. Ngolo siyenda ndi ng'ombe imodzi, ndipo ndi ngolo yomweyo imene imakututirani fodya ndi kukupezerani ya sopo mukabwereketsa. Mayi akanena mbuzi kapena nkhumba, apo ndivomera.

Chimene ndingakupempheni n'choti mukwere basi mupite nokha ku kolejiko. Musatume mwana. Mutenge mapepala osonyeza kuti ndinu mlimi wolembetsedwa ndipo muli ndi fodya woyembekeza msika, mukakhale pansi ndi woyang'anira zachuma. Koleji yomwe si ya boma imayenda ndi fizi, ndipo mwana wotsala ndi chaka ndi theka ndi kasitomala amene safuna kumutaya. Mukapereke kangachepe kamene muli nako, n'kupangana tsiku lomalizira, zilembedwe ndipo musayinirane. Ngati mayi ali mu banki m'khonde, kumeneko chiwongoladzanja chimakhala chopepukirapo, ndipo pogawana kumapeto kwa chaka china chimabwerera m'thumba lanu lomwe.

Muli komweko mufunse ngati kolejiyo ndi maphunziro amene mwana wanu akuchita zili zovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a sukulu zaukachenjede. Funso limeneli lili ndi phindu pawiri. Ophunzira a m'makoleji ovomerezeka, ngakhale omwe si a boma, ali ndi mwayi wofunsira ngongole ija ndatchula. Komanso mudziwa ngati pepala limene mukulivutikirali olemba ntchito adzalilandire.

Za kuima chaka, kwa inu ndikuziika kumapeto. Mwaona nokha fizi ikukwera kawiri. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zonse inatsatira. Amene waima chaka amadzalipira mtengo wa chaka chimene wabwerera, osati wa chaka chimene anachoka. Mtsikana wa ku Phalombe uja alibe chogulitsa m'miyezi ikubwerayi. Inu muli ndi fodya m'chigafa, vuto lanu ndi la miyezi iwiri kapena itatu basi.

Yachitatu ndi yaifupi, yachokera ku Mzuzu.

"Malume, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Korona mu 2020 ndinali chaka chachitatu. Ndinayamba geni ya kaunjika, zinthu zinayenda, ndipo zitatsegulidwa sindinabwerere. Sindinalembe kalata iliyonse. Ndinali pa ngongole ya boma zaka ziwiri. Pano ndili ndi banja ndipo ndikufuna digiri yanga. N'zotheka? Nanga ngongole ija, poti sindinamalize, ndidzabwezabe?"

Achimwene, ndiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa yankho lake ndi lapafupi. Mudzabweza. Munasayinira ngongole, ndalama inagwira ntchito, ndipo kusamaliza sikuifafaniza. Bungweli limalondola ngakhale amene anabwereka m'ma 1980, ena a iwo imvi zili mbuu. Omaliza maphunziro amapatsidwa zaka ziwiri zopumira asanayambe kubweza, ndipo inu zaka zimene zadutsa chichokereni kusukulu zaposa pamenepo. Pitani nokha mukafunse kuti ngongole yanu yafika pati, mupangane kabwezedwe kogwirizana ndi geni yanu, asanachite kukusakani.

Za kubwerera, lembani kalata kwa a Rejisitira yopempha kuti akulandireninso, munene zoona zokhazokha. Chigamulo ndi chawo, ndipo poti munachoka osatsanzika, konzekerani yankho lililonse. Simunatiuze koleji yake, koma ngati inali pansi pa Yunivesite ya Malawi, kumbukirani kuti mu 2021 kunachitika kugawikana: Polytechnic inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo dzina la Yunivesite ya Malawi linatsalira ku Zomba. Kalata yanu ipite ku ofesi yoyenera. Akakukanani, pemphani chikalata cha zotsatira za zaka ziwiri zimene munakhoza. Ndi chimenecho mukhoza kukagogoda kwina, ndipo poti muli ndi banja ndi geni, ganizirani maphunziro ochita muli kunyumba. Ku Mzuzu University komweko ku Luwinga alipo, ku LUANAR nakonso alipo.

Nthawi yatithera, koma kauthenga aka sindikasiya. Kachokera kwa mayi wina wa nyumba za lendi ku Chikanda, ku Zomba. Akuti: "Malume, muwauze anawa kuti akamachoka azitiuza. Wina anakhoma chitseko n'kupita ndi kiyi, miyezi itatu tsopano, m'katimo muli matiresi ndi mbaula basi. Nanenso ndili ndi ana a sukulu."

Mayi, uthenga wafika, ndipo ndikhulupirira mwini matiresiyo akumva. Mwanawe, kaya uli kuti, imbira foni mayiwa, uwauze tsiku limene udzabwere, kiyi umutumize pa basi. Inunso mayi, mukatsegula chipindacho pakhale mboni ziwiri, katunduyo mumulembe papepala n'kumusunga pouma. Matiresi a mwana wa sukulu musagulitse msanga, mwina ndi chuma chokhacho chimene ali nacho.

Sabata yamawa tiwerenga makalata a amene mwalemba za malo a makolo. Pitirizani kutumiza. Pakadali pano tiyeni timvere nyimbo.