Malaiti Akapita Usiku, Nsomba Zipuma Bwanji?

Zikomo a tcheyamani. Amayi ndi abambo, ambiri a inu mwamanga kale kuseri kwa nyumba: thanki ya nsomba, mabedi a timiyala momwe mwabzalamo repu, letesi ndi tomato, ndi pampu yozunguza madzi. Lero tikambe za nthawi imene pampuyo yaima inu muli ku Soweto Market kapena muli m'tulo. Kuno ku Lusaka nthawi yotereyi imabwera ndithu. Mukukumbukira 2024, chilala chitatsitsa madzi ku damu la Kariba lopangira magetsi, makomboni ena ankakhala maola oposa 20 pa tsiku opanda malaiti.

Pampu ikaima, ndiwo zamasamba zimapirira, pakuti timiyala timasunga chinyezi. Zimene zimayamba kuvutika ndi nsomba, ndipo chimene chimazipha ndi kusowa okosijeni. Ma bream amakula bwino m'madzi okhala ndi mamiligalamu 5 a okosijeni pa lita kapena kuposa. Tsono madzi akafunda amasunga wochepa: pa madigiri 20 amafika pafupifupi 9, pa madigiri 30 amatsika kufika pafupifupi 7.5, pomwe nsomba m'kutentha zimafuna wambiri. Ndiye chifukwa chake Okutobala ndi mwezi woopsa. Mukaona nsomba zonse zili pamwamba, kukamwa yasa, dziwani kuti nthawi yatha kale. Mlamba umapirirako chifukwa umatha kumeza mpweya wa kunja, koma mabakiteriya amene amasandutsa amoniya, zoipa zimene nsomba zimatulutsa m'madzi, kukhala chakudya cha mbewu nawonso amafuna okosijeni.

Mfundo yanga ndi imodzi. Chida chilichonse chidzafa tsiku lina, choncho lumikizani zinthu mwa njira yoti chikafa, mpweya ulowebe ndipo madzi atsale m'thanki, popanda munthu kudzuka.

Tiyambe ndi kachida aka, relay. Mkati muli koyilo ndi kachitsulo kokokedwa ndi sipuling'i. Koyilo mumailumikiza ku malaiti a m'nyumba. Malaiti alipo, koyilo imagwira kachitsuloko. Akangopita, koyilo imataya mphamvu, sipuling'i n'kubweza kachitsulo, n'kulumikiza batire ya 12V ku pampu ya mpweya, yopopera thovu la mpweya m'madzi a nsomba. Pa miyendo yake mudzaona zilembo COM, NO ndi NC. Waya wa batire upite pa COM, wa pampu ya mpweya pa NC. Taonani ubwino wake: ngakhale koyilo yeniyeniyo itapsa, kapena mwana atazula pulagi, mpweya umayamba wokha. Mukalumikiza pa NO ndiye mwatembenuza zonse, pampu izilira masana malaiti alipo n'kukhala chete usiku pamene ikufunika.

Amayi apo afunsa kuti bwanji osaika pampu ya madzi yomweyo pa batire. Tiwerengere limodzi. Batire ya 12V ya 100Ah imasunga pafupifupi 1,200Wh (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola), koma ngati ndi ya asidi musamaimwe kupyola theka, apo ayi siikhalitsa. Ndiye muli ndi 600. Pampu ya madzi ya mawati 40 idzatha zimenezo m'maola 15. Ya mpweya ya mawati 10 ifika maola 60. Ine ndinganene kuti batire mupatse mpweya poyamba, madzi azizungulira dzuwa likatuluka ngati muli ndi sola. Ndipo batire ya galimoto, ndikudziwa ilipo kale pakhomo, koma inapangidwira kuliza injini kamphindi chabe. Funani imene amati deep cycle.

Pampu ya mpweya ikhale pamwamba kuposa madzi a m'thanki. Ikakhala pansi, ikazima madzi amabwerera m'kapaipi n'kulowa m'mota. Ngati malo sakulola, ikani kavavu kolola mpweya kupita mbali imodzi.

Tsopano vuto lachiwiri, limene ambiri saliganizira: malaiti alipo, pampu ikulira bwinobwino, koma paipi yazuka kapena bedi latsekeka ndi mizu. Pampu siidziwa kanthu. Idzapopa madzi onse kuthira pabwalo mpaka nsomba zitagona pa simenti. Apa mankhwala oyamba safuna waya n'komwe. Ngati pampu ili m'thanki ya nsomba, ikwezeni pa njerwa, kuti ngakhale zitavuta bwanji pansi patsale madzi ofika m'bondo. Chabwino koposa n'kuika pampu m'thanki ina yaing'ono ya pansi, madzi azichoka kwa nsomba posefukira pamwamba pokha. Mukatero palibe pampu imene ingaumitse nsomba zanu. Paipi yobweretsa madzi nayo, ngati kukamwa kwake kwamira, booleni kabowo pamwamba pang'ono pa madzi. Popanda kabowo ameneyu, pampu ikazima paipi imayamba kukoka madzi chobwerera, monga mmene timachitira potunga petulo ndi hosi.

Pamenepo ndiye muwonjezere float switch, kampira koyandama kamene kamazimitsa pampu madzi akatsika. Kamateteza mota kuti isapse polira pouma. Koma chenjerani: Lusaka anakhala pa miyala ya laimu, madzi a m'mijigo yathu amasiya zoyera zija mumaziona m'ketulo, ndipo zimenezi pamodzi ndi ndere zimagwira kampirako. Muzikapukuta, ndipo chingwe chake chisakole pa paipi.

Amene mumagwiritsa ntchito taima yoyatsa pampu mphindi 15 n'kuzimitsa 45, dziwani kuti taima ya makina imaima malaiti akapita, ndiponso imatha kukakamira poyatsa. Bedi lililonse likhale ndi paipi yosefukira yobwezera madzi kuthanki. Malaiti pobwera amabwera ndi ukali nthawi zina, ndiye fridge guard yomwe ija mumaika pa firiji ithandizanso pano.

Za moyo wanu tsopano, abambo inu okonda kulumikiza mawaya ndi pepala la pulasitiki. Apa pali 230V pafupi ndi madzi, ndipo ana amapisamo manja. Mbali ya malaiti a m'nyumba aigwire katswiri wa zamagetsi, aike bureka ya 30mA yodula magetsi akangothawira m'madzi, soketi ikhale pamwamba pobisika ku mvula. Mbali ya 12V mutha kuchita nokha, koma fyuzi ikhale pafupi ndi batire.

Malaiti akapita, musadyetse nsomba. Nsomba yokhuta imadya okosijeni wambiri ndi kutulutsa amoniya wambiri, pomwe kukhala masiku awiri osadya sikuipha. Uzani ana ndi aliyense wotsala pakhomo, chifukwa achifundo ndiwo amathira chakudya.

Loweruka lililonse zulani pulagi mwadala, muime pomwepo mpaka muone thovu likutuluka. Tsitsani kampira ndi dzanja mumve ngati pampu yazima. Batire yosayesedwa imatha kuonetsa 12V pa mita koma n'kugwa pakangopita mphindi khumi, choncho isiyeni ilire ola lathunthu. Abambo a kumbuyoko, ndaona dzanja lanu, funsani.