Mmene gitala yoimbidwa ndi chitsulo inayambira ku Hawaii

Zikomo amfumu, amayi ndi abambo, ndi inu anyamata ogwira gitala kumbuyoko.

Gitala inafika ku Hawaii ndi abusa a ng'ombe ochokera ku Mexico cha m'ma 1830. Eni dziko atailandira anayamba kukhwefula nsambo zina, kuti ukangozikhwatcha zonse osagwira paliponse zimveke mogwirizana. Gwiritsitsani mfundo imeneyi, chifukwa kachunidwe kotere ndi kamene kamathandiza kuti chitsulo chigwire bwino ntchito.

Ndiye kunabwera Joseph Kekuku, wobadwa mu 1874 ku Laie, pa chilumba cha Oahu. Amasimba kuti ali mnyamata anatola chitsulo m'mbali mwa njanji, nachikhulula pa nsambo, mawu ake n'kumukoma. Ali pa sukulu ya Kamehameha ku Honolulu, anasula kachitsulo kosalala, nakweza nsambo, n'kuyamba kuimba gitala ataigoneka pa ntchafu.

Tsono tamverani mmene zimakhalira. Chunani nsambo kuyambira yaikulu: D, G, D, G, B, D. Kumutu kwa gitala ikani kachidutswa kokweza nsambo, apo ayi chitsulo chiziwomba mafureti, tizitsulo topingasa pa khosi la gitala, n'kumachita phokoso. Chitsulocho chigwireni kumanzere, chigone pamwamba penipeni pa fureti, osati kumbuyo kwake monga mumachitira ndi zala. Mukaphonya pang'ono, mawu amatsika kapena kukwera, aliyense amamva kuti mwasokoneza. Musakanikize kwambiri, chingokhudza nsambo basi. Zala ziwiri zosagwira chitsulo zizikokeka pa nsambo kumbuyo kwa chitsulo, kuti ziphe kulira kosafunika. Pa fureti 5 mupeza C, pa 7 mupeza D, pa 12 mwabwerera ku G wapamwamba. Kukoma kwake kuli pa kutsetsereka pakati pa malo amenewa, ndi kunjenjemeretsa chitsulo pang'ono mukafika.

Kekuku anapita ku America mu 1904, ndipo chionetsero cha ku San Francisco mu 1915 chinafalitsa nyimbo za ku Hawaii kwambiri. Vuto linali lakuti gitalayi sinkamveka kwambiri pakati pa zida zina. N'chifukwa chake mu 1932, chaka chomwe Kekuku anamwalira, kampani yomwe inadzatchedwa Rickenbacker inayamba kugulitsa yamagetsi.

Agogo ali panowa akukumbukira kuti kaimbidweka kanafika ndi kuno kwathu. Timati hauyani, ndipo ambiri ankakhulula nsambo ndi botolo m'malo mwa chitsulo.