Mitengo ya kuphiri ndi madzi amene ana athu amamwa

Zikomo a Gulupu, zikomo mafumu nonse, a komiti ya zachilengedwe, alangizi a zaumoyo amene mwakhala pafupi ndi sikelo apo, amayi ndi abambo. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino, ndikweza mawu. Amayi amene ana akulira musatuluke nawo, khalani pompo, chifukwa nkhani ya lero ndi ya iwowo.

Pa 15 Disembala nyengo yodzala mitengo iyamba, ndipo ena mwandifunsa kale panjira kuti mbande zili kuti. Lero sindinabwere ndi mbande. Ndabwera ndi zimene anthu ofufuza apeza atayeza nkhalango, madzi ndi matenda a ana, zambiri mwa izo muno m'Malawi momwe. Zina zikusangalatsani. China chimodzi chinandiwawa ine mwini nditachimva, ndipo sindikubisirani.

Ndiyambe ndi funso. Mwana akatsegula m'mimba, timati walakwa ndani? Timati mayi sanasambe m'manja, kapena chimbudzi chilibe chivindikiro. Nzoona, zimenezo zimadwalitsa. Koma palibe amene amaloza kuphiri uko. Tsono mverani. M'chaka cha 2010 a National Statistical Office a ku Zomba anayendera makomo masauzande ambiri m'dziko lonse lino, kufunsa amayi zimene ana adya dzulo lake ndi matenda amene adwala masabata awiri apitawo. Ofufuza ena, motsogozedwa ndi mayi Kiersten Johnson, anatenga mayankho amenewo n'kuwaika pamodzi ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga, zoonetsa pamene pali mitengo ndi pamene yatha. Zotsatira anazitulutsa mu 2013. Ana a m'madera amene nkhalango inachepa, mwayi wao wodya zakudya zakasinthasintha unali wotsika ndi 19 pa 100 alionse, ndipo mwayi wodya zakudya za vitamini A unali wotsika ndi 29 pa 100 alionse. Kumene mitengo inali yambiri, ana otsegula m'mimba anali ochepa.

Wina anena kuti mwina zinangokumanizana, mwina kumene kuli mitengo kulinso anthu ochepa. Funso labwino limenelo, ndipo ofufuza enieni amadzifunsa okha. Ndiye chifukwa chake ena anabwerezanso mwa njira ina. Mu 2017 gulu lina linaona ana pafupifupi 300,000 m'maiko 35, ndipo linapeza kuti kumidzi, kumene kumtunda kwa mtsinje kuli mitengo yambiri, ana a kumunsi satsegula m'mimba kawirikawiri. Kenaka mu 2019 mwana wa kuno kwathu, mayi Annie Mwayi Mapulanga, pamodzi ndi a Hisahiro Naito a ku yunivesite ya Tsukuba ku Japan, anaona za Malawi yekha. Anapeza kuti nkhalango ikachepa ndi gawo limodzi pa 100, mwayi wa anthu wopeza madzi aukhondo umatsikanso pafupifupi gawo limodzi pa 100. Phiri likameta, ndowa nayo imamva.

Zimayenda bwanji? Amayi mukuzidziwa kuposa ine. Mvula ikagwa m'nkhalango, dontho limayamba lamenya tsamba, kenaka zinyalala za pansi, n'kumalowa m'nthaka pang'onopang'ono motsata mizu. Madzi amenewo ndi amene amatuluka pa kasupe mu Okutobala, atasefedwa ndi dothi miyezi yambiri. Pa nthaka ya mbee, dontho limamenya dothi ngati nyundo, pamwamba pamauma gwa, madzi n'kuthamanga. Pothamangapo amakokolola ndowe za ng'ombe, za mbuzi, za munthu amene anakhala patchire, amadzaza zimbudzi mpaka kusefukira, zonsezo n'kukathira m'chitsime chosatetezedwa. Ikafika nyengo yotentha kasupe wauma, mjigo ukutulutsa pang'ono, mzere wa ndowa wafika kumsewu, ndiye mayi wotopa amangopita kukafukula mchenga kumtsinje. Musamudzudzule mayi ameneyo. Madzi ake anathawa kuchokera kuphiri mu Januwale.

Takumbukani kolera amene anayamba ku Machinga mu Malichi 2022, namondwe Ana atangodutsa. Anafalikira maboma onse, ndipo anthu oposa 1,700 anamwalira. Sindikunena kuti mitengo ikanaletsa kolera ayi. Kolera amafuna madzi othira mankhwala, zimbudzi, katemera ndi kuthamangira kuchipatala. Sindikunenanso kuti mitengo ikanaimitsa namondwe Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. Mvula ija inali yoposa muyeso. Chimene ndikunena n'chakuti akatswiri a zanyengo atafufuza mvula ya namondwe Ana anapeza kuti kutentha kwa dziko kukuchititsa mvula yotere kugwa yamphamvu kuposa kale. Utsi umene ukutenthetsa dziko wambiri sitinafukize ndife, koma madzi ake akutsikira pa ife, ndipo phiri lovala ndi phiri lamaliseche salandira mvula yotere mofanana.

Tsopano za nkhalango yeniyeniyo, chifukwa apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Nkhalango yathu ino ophunzira amaitcha miombo, dzina lochokera ku mtengo wa mombo womwewu umene timasenda luzi. Muli mombo, tsamba, mchenga, msuku. Agogo amene muli pano, ndelema ndi manyame munkazula kuti? Eya, pansi pa mitengo imeneyi. Sizinangochitika. Bowa amenewa amakhala chilumikizire ku mizu ya mitengoyo pansi pa nthaka. Mtengo umapatsa bowa chakudya chimene wapanga ndi dzuwa, bowa amathandiza mtengo kuyamwa madzi ndi mchere wa m'nthaka yosaukayi. Mukadula mtengo mwapha ndi bowa yemwe. Utale ndi wina, uja ndi wa pachulu, amalimidwa ndi chiswe. Koma ndelema ndi manyame, popanda mitengo yake simuwaona. Onjezani masuku, maye, mphalabungu, uchi, ndi masamba a kutchire. Zambiri mwa zimenezi zimabwera nthawi ya mvula, pamene nkhokwe yapepuka ndipo chimanga chili m'munda chisanakhwime. Ija nambala ya 19 ndi 29 ndinatchula ija, ndiwo zake ndi zimenezi.

Ndiye wina ati, tikadula tidzadzala ina. Imvani zimene anapeza ku Mozambique, pa mudzi wa Nhambita pafupi ndi Gorongosa. Ofufuza a ku yunivesite ya Edinburgh, motsogozedwa ndi a Mathew Williams, anayeza minda imene anthu anaisiya zaka zosiyanasiyana, ina zisanu, ina khumi, ina kuposa makumi awiri. Mu 2008 analemba kuti pakatha zaka 20 mpaka 30, kuchuluka kwa mitengo kumabwerera kufika pafupi ndi nkhalango yosadulidwa. Nkhani yabwino. Koma mitundu ija yeniyeni ya miombo inali isanabwerere m'minda imeneyo. Panamera mitengo ina. Ndiye kuti mthunzi umabwerera msanga, koma nkhalango ya bowa ndi mphalabungu imachedwa kuposa moyo wa ambiri a ife tili pano.

Komabe miombo ili ndi mphatso imodzi imene timaipondereza tsiku ndi tsiku. Chitsa cha mombo sichifa msanga. Pansi pali mizu ya zaka makumi ambiri, yozama, yodziwa kale kumene kuli madzi. Chikaphukira, mphukirayo imakula ndi mphamvu ya mizu yakaleyo, pamene mbande ya m'chubu imayamba ndi kamuzu kotalika ngati chala, kulimbana ndi chiswe, mbuzi ndi dzuwa la Okutobala. Tanenani zoona, mbande tinadzala m'mbali mwa msewu zaka zitatu zapitazo, zatsala zingati? Mwaseka. Ine sindikuseka, chifukwa munatuluka thukuta tsiku lija. Kusamalira mphukira sikulira ndalama. Pa chitsa chimodzi musiye mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo dulani mukasonkhere moto. Mbuzi zisafikeko. Ndipo moto. Anyamata osaka mbewa, ndikulankhula ndi inu mwaulemu. Moto wa mu Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma kuti gwa, ndi umene umapha timitengo tating'ono. Moto wa mu Meyi kapena Juni, udzu ukadali ndi chinyezi, umangodutsa pansi osapsereza nsonga. Ngati tiotche, tiotche molawirira, mogwirizana, mafumu akudziwa, titalambula njira zotchinga moto.

Sindikuletsa kudzala. Pakhomo, m'malire a munda, dzalani mitengo ya nkhuni ndi ya zipatso, kuti nkhwangwa isamakwere phiri. Koma bulugamu pafupi ndi kasupe ayi, amamwa madzi kwambiri.

Tsopano chija ndinati chinandiwawa. Zaka zambiri takhala tikuuza amayi kuti mbaula zamakono zimateteza ana ku chibayo. Inenso ndinanenapo, pa misonkhano ngati uno. Ndiye ofufuza a ku Liverpool School of Tropical Medicine, motsogozedwa ndi a Kevin Mortimer, pamodzi ndi anzawo a kuno, anati tiyeni tiyese tione. Anapita ku Chikwawa ndi ku Karonga, m'magulu a midzi 150, ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu. Midzi ina anaipatsa mbaula za Philips, zokhala ndi kafani kopemerera moto koyendera batire yotchajidwa ndi sola, zotulutsa utsi wochepa kwambiri kuposa chitetezo mbaula yathu yadothi. Midzi ina inapitiriza kuphika pa mafuwa. Midziyo anaisankha mwa maere, kuti pasakhale kukondera. Anatsatira anawo zaka ziwiri. Zotsatira zinatuluka kumapeto kwa 2016 m'magazini ya madokotala ya The Lancet. Chibayo chinali chimodzimodzi mbali zonse ziwiri, pafupifupi ana 16 pa 100 alionse pa chaka.

Chifukwa chiyani? Mbaula zinkawonongeka. Mabanja ambiri ankaphikabe pa mafuwa pambali, chifukwa mphika waukulu wa nsima ya banja lonse, kapena madzi osamba, sizikwana pa kambaula kamodzi. Ndipo mwana sapuma utsi wa kukhitchini kwa amake kokha. Amapuma wa kwa aneba, wa zinyalala zotenthedwa, wa fodya, wa tchire likamapsa. Ofufuzawo akanatha kuchita manyazi n'kubisa, poti ndalama zambiri zinalowapo. Sanabise, ndipo ine ndimawalemekeza chifukwa cha chimenecho. Ndiye amayi, chitetezo mbaula musaitaye. Imapulumutsa nkhuni, mtolo umene unkatha msanga umakhalitsa, msana umapuma, phiri limapuma. Koma musaiyese katemera. Mwana akamapuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale muli ndi mbaula ziwiri. Katemera wa chibayo ali kusikelo kuyambira 2011, ndi waulere. Ndipo pophika, mwana asakhale kumsana m'khitchini yotseka. Phikirani pamalo podutsa mphepo.

Za mbaulazi zikundifikitsa ku nkhani ya ndondomeko za boma ndi za maiko. Dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka ndi nkhalango pofika 2030. Mu 2017 boma linatulutsa ndondomeko ya makala, ndipo mu 2020 lamulo la nkhalango la 1997 linakonzedwanso, zilango zinakula. Mahekitala amenewo sali ku Lilongwe mu ofesi. Ena mwa iwo ndi phiri ili kumbuyo kwanguli. Ndipo thumba la makala limene mnyamata amakankha pa njinga usiku, ambiri amene amaliphikira ali m'tauni. Ndikunena izi kuti tisamangoloza chala mnyamatayo ngati kuti iye yekha ndiye wadya phiri.

Kudzabweranso alendo, mwina abwera kale, ndi nkhani ya ndalama za kaboni. Amati kampani ya kunja imene ikufukiza utsi ilipira kuti inu muchepetse wanu, pogwiritsa mbaula kapena posunga nkhalango. Maganizowo si oipa. Koma mu 2024 ofufuza a ku yunivesite ya California ku Berkeley ataunika mapulojekiti a mbaula m'maiko osiyanasiyana, anapeza kuti utsi umene ankati wapulumutsidwa unali wokokomezedwa pafupifupi kasanu ndi kanayi. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chomwe chija cha ku Chikwawa: papepala mbaula ikuyaka tsiku lililonse, pakhomo yakhala pakona. Tsono a Gulupu, munthu akabwera ndi fomu yoti anthu anu asayine kapena adinde chala, mufunseni mafunso pamaso pa anthu onse. Mgwirizanowu ndi wa zaka zingati? Ndalama zikabwera, za mudzi ndi zingati, ndipo zilowa m'manja mwa ndani? Tidzaloledwabe kuzula bowa, kutola nkhuni zouma ndi kutchera ming'oma? Pepalalo alisiye m'Chichewa, ligone kwa mfumu, ndipo a ofesi ya zankhalango ya boma lino alione musanadinde.

Pempho langa ndi ili. Loweruka likubwerali m'mawa, dzuwa lisanatenthe, a komiti, mafumu ndi aliyense wofuna tikwere limodzi mpaka pa kasupe. Tikawerenge zitsa zimene zikuphukira kumtunda kwake, tikagwirizane malire a pamene nkhwangwa, khasu ndi mbuzi zisafike, tiike miyala. Alangizi a zaumoyo, inu muli ndi kaundula wa ana otsegula m'mimba mwezi ndi mwezi. Musunge bwino manambala a chaka chino, tidzawayerekeze ndi a zaka zikubwerazi, tidzaone ndi maso athu ngati za ofufuzawa zikuchitikanso pa mudzi uno. Agogo aakazi amene mukudziwa pamene pankamera ndelema, mutitsogolere ndinu, chifukwa zimenezo pa zithunzi za mumlengalenga sizioneka.

Ndaona dzanja kumbuyoko. Imani mayi, funsani mokweza kuti onse amve.