Momwe kampani ya njanji inkayendetsera sitima, ndi momwe inafikira kuno ku Mangochi

Zikomo a gulupu, mafumu onse, amayi ndi abambo. Achinyamata kumbuyoko senderani pafupi, malo alipo.

Ndikati ndikamba za sitima yapamtunda, ena muyamba kuseka kuti kuno ku Mangochi njanji inadutsa liti. Zoona, sinadutse. Koma kampani imene inkayendetsa njanji m'dziko muno inali ndi antchito ake m'boma lathu lomwe lino, ku Monkey Bay. Tifika kumeneko, tiyambe tawona momwe ntchitoyo inkayendera.

Njanji yoyamba inali ya kampani yaing'ono yotchedwa Shire Highlands Railway. Inachokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, kudzera ku Chiromo, n'kufika ku Blantyre mu 1908. Chifukwa choimangira chinali madzi. Katundu ankabwera ndi sitima zapamadzi mumtsinje wa Zambezi ndi wa Shire, koma Shire akaphwera sitimazo zinkatitimira mumchenga. Ndiye njanji inakhala ikuthamangitsa madzi akuya: mu 1914 inafika ku Chindio m'mphepete mwa Zambezi, ndipo mu 1922 ina yochokera ku Beira inafika kutsidya linalo. Pakatipo panalibe mlatho. Katundu yense ankatsitsidwa, kuwolotsedwa pamadzi, n'kukwezedwanso m'mabogi ena. Taganizani fodya wa ku Limbe, tiyi wa ku Mulanje, thonje la ku Chikwawa, zonse kudutsa pamapewa a anthu. Mlatho wa Dona Ana, wotalika kuposa makilomita atatu ndi theka, unatsegulidwa mu 1935.

Tsopano tsiku la ntchito lenilenilo. Njanji inali imodzi yokha, mpata wa pakati pa zitsulo zake mamilimita 1,067. Sitima yopita ndi yobwera zinkadutsa pomwepo. Ndiye mfumu ya zonse sanali dalaivala ayi, anali mkulu wa pasiteshoni. Sitima isananyamuke, iye ankayamba watumiza uthenga pa lamya kwa mnzake wa siteshoni yakutsogolo kufunsa ngati njira ili yoyera. Akavomerezana, m'pamene dalaivala ankapatsidwa chilolezo. Popanda chimenecho, ngakhale okwera adandaule chotani, sitima siisuntha. Masiteshoni anali ndi kanjanji kapambali kopatukirapo, ndipo imodzi inkaima pamenepo kudikira inzake idutse. Agogo athu akamati sitima inangoima patchire dzuwa lonse, nthawi zambiri sikuti inali itafa, inkadikira inzake yochedwa.

M'mutu mwa sitima munali anthu awiri, dalaivala ndi wosonkhezera moto. Wachiwiriyu ndiye ankaiwona ntchito. Kuchokera kuchigwa cha Shire kukwera mpaka ku Limbe ndi chitunda chokhachokha, ndipo moto ukangofooka nthunzi imachepa, sitima n'kulephera kukwera. Mutu wa nthunzi umamwanso madzi ambiri, choncho m'njira munali matanki omwetsera. Kumbuyo kwenikweni kunkakhala gadi ndi mbendera zake, yofiira ndi yobiriwira, usiku nyali. Mitu ya dizilo inadzabwera m'zaka za m'ma 1960.

Koma amene ine ndimawapatsa ulemu kwambiri ndi amene sankakwera n'komwe, anthu okonza njanji. Gulu lililonse linali ndi chigawo chake. Ankalawirira kuyenda wapansi m'njanjimo, kumanga mabawuti, kutsendera miyala, kulambula udzu ndi ngalande. Nyengo ya dzinja tulo kunalibe, chifukwa madzi akakokolola dothi pansi pa njanji usiku, wina ankayenera kuthamanga ndi mbendera yofiira sitima isanafike. Kuti muone kuti si nkhani yamasewera, madzi osefukira atawononga njira pa Chiromo mu 1997, sitima zinasiyiratu kutsikira ku Nsanje.

Likulu ndi malo okonzerako mitu ya sitima zinali ku Limbe. Ndalama zenizeni zinkachokera ku katundu, osati matikiti a anthu. Okwera ankagawidwa m'makalasi, azungu kwawo kofewa, ife akuda m'mabogi a mabenchi. Mitengo yonyamulira katundu inalinso yokwera, ndipo dziko losauka ngati lino linasenza ngongole ya njanji ndi mlatho uja zaka zambiri. Mlimi wamba ankailipira osadziwa, kudzera mu mtengo wotsika wa mbewu zake.

Tibwere kwathu tsopano. Tauni ino, pomwe inkatchedwa Fort Johnston, inali khomo la nyanja. Kampani ya Nyasaland Railways, imene inakhazikitsidwa mu 1930 n'kutenga njanji ija, itatalikitsa njira kupita kumpoto, inadutsa ku Balaka n'kukakhudza nyanja pa Chipoka, kufika ku Salima mu 1935. Ife inatilambalala, ndipo doko la kuno linayamba kuzilala. Koma kampani yomweyo ndi imene inkayendetsa sitima zapanyanja, malo ozikonzera ali ku Monkey Bay. Katundu wopita ku Nkhata Bay kapena ku Karonga ankatsika m'bogi pa Chipoka n'kulowa m'sitima yapamadzi, kampani imodzi yomweyo.

Ambiri mwaona chikumbutso chili pafupi ndi nsanja ya wotchi kumlatho wa pa Shire m'tauni muno. Chimakumbutsa za Vipya, sitima ya kampaniyi imene inamira kumpoto kwa nyanja mu 1946, n'kufa anthu pafupifupi 145. Kenako panabwera Ilala. Inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa, akulumikiza ku Monkey Bay, n'kuyamba kuyenda mu 1951. Ndiye mukaiona Ilala ikulowa padoko, mukuona chuma chimene chinagulidwa ndi kampani ya njanji.

Titalandira ufulu dzina linasintha kukhala Malawi Railways. Mu 1970 anatsegula njanji yochokera pa Nkaya kudutsa pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, yolowera kudoko la Nacala, ndipo imeneyi ndiyo ili pafupi nafe. Mu 1999 boma linapereka njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, pomwe zapanyanja zinali zitapatulidwa kale kukhala pazokha.

Ndaona dzanja kumbali ya amayi uko. Funsani mayi, mukweze mawu kuti akumbuyo amve.