Kuchokera ku Shetland: zimene ndimasowa womuuza

Moni abale anga nonse, kaya mukumvera muli ku Mchesi, ku Ndirande, ku Joni kapena kuno ku Ulaya. Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti, "Achemwali, mumati muli ku UK, nanga bwanji simupezeka anzanu akamasonkhana ku Manchester pa 6 July?" Lero ndiyankhe, ndipo ndiyankha motalikirapo pang'ono.

Ndimakhala ku Lerwick, pa zisumbu za Shetland, kumpoto kwenikweni kwa Scotland. Kuti ufike kuno umakwera sitima ya pamadzi ku Aberdeen madzulo, n'kudzatsika m'mawa patatha maola 12, kapena 14 ikadzera ku Kirkwall. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, mwera ndimaudziwa, koma mafunde a nyanja ino m'nyengo yachisanu amagwetsa munthu pabedi. Zisumbu zonse zili ndi anthu pafupifupi 23,000, nkhosa n'zochuluka kuposa anthu, ndipo mitengo ndi yochita kuwerenga. Mpaka chaka cha 1469 dera lino linali m'manja mwa mafumu a ku Norway, n'chifukwa chake mayina a midzi ndi kayankhulidwe ka agogo akuno n'kosiyana ndi Chingerezi chimene tinaphunzira kusukulu.

Mu December dzuwa limatuluka 9 koloko itadutsa, n'kulowa 3 koloko isanakwane. Ukakhala pa shifiti ya usana umachoka kunyumba kuli mdima, kubwerako kuli mdima. Thupi limafooka, mtima umalemera popanda chimene chakulakwira, ndipo ife akhungu lakuda amatilangiza kumwa vitamin D chaka chonse. Mu June zimatembenuka: kumawala pafupifupi maola 19, pakati pa usiku kumangochita ngati kachisisira, tulo osabwera. Ndikafotokoza izi pa gulu lathu la WhatsApp la anzanga a kusekondale, wina amaika kachithunzi koseka, wina n'kufunsa kuti paundi ikusinthidwa pa zingati lero. Sindiwadandaula, moyo kumudzi wavuta ndipo funsolo ndi lenileni. Koma nkhani yanga imathera pomwepo.

Lachiwiri lomaliza la January kuno kumakhala mwambo wa Up Helly Aa, umene unayamba m'zaka za m'ma 1880. Magetsi a mumsewu amazimitsidwa, anthu pafupifupi 1,000 amayenda pamzere atanyamula miuni ya moto, akukoka bwato lalikulu lamutu wa chinjoka limene akhala akulikhoma kwa miyezi. Akafika pabwalo amaponya miuni yonse m'bwatomo, lonse n'kupsa. Amayi anayamba kuloledwa kuyenda nawo pamzerewo mu 2023. Ndinatumiza kanema kwa achimwene anga, amene ndi msodzi, ndipo anandiimbira nthawi yomweyo: "Mlongo, bwato labwinobwino akuliwotcha dala? Matabwa onsewo?" Anakhumudwa zenizeni. Ine ndinali nditaima pamenepo, nkhope ikutentha ndi moto, msana ukuuma ndi chisanu, misozi ikutuluka, ndipo ndinalephera kuwauza chimene chinandigwira mtima.

Koma chimene chandisiyanitsa kwambiri ndi anzanga si mdima kapena moto. Ndi ntchito. Ndimasamalira okalamba: kuwasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa, kuwatembenuza usiku kuti asatuluke zilonda za pabedi. Kwathu mkazi sasambitsa bambo wachikulire amene si mwamuna wake, ndipo poyamba manja ankanjenjemera. Lero ndimadziwa kusambitsa munthu ndikumufunditsa thaulo mbali imene sindikuisambitsa, kuti ulemu wake usachoke. Ambiri mwa agogowa anali asodzi, ena ankaluka majuzi a ubweya wa nkhosa, ena anagwirapo ntchito ku Sullom Voe kumene kumafikira mafuta a m'nyanja. Wina amene anaiwala mayina a ana ake ankakumbukirabe malo onse oponyerako ukonde. Ndikamuuza za usipa ndi nyali za asodzi a kwathu, ankamvetsera ngati tinakulira pa doko limodzi.

Ndipo ndakhala pambali pa anthu akutsirizika. Ana awo ali ku Glasgow kapena ku Australia, ndege yalephera kutera chifukwa cha nkhungu, ndiye dzanja limene agogo agwira pomaliza ndi langa, mwana wa ku Nkhotakota. Ndimawaimbira nyimbo za kutchalitchi m'Chichewa chapansipansi. Maliro akuno alibe siwa, palibe amayi ogona pamphasa usiku wonse, palibe adzukulu a m'mudzi, zonse amayendetsa ndi akampani ya maliro. Anthu amalira, inde, musamve zoti azungu salira, koma amalirira m'kati. Mwambo ukatha amamwa tiyi ndi supu, n'kubalalika. Ine ndimabwerera kuntchito kukayala bedi lomwelo kudikira wina.

Zimenezi ndingamuuze ndani? Anzanga a msinkhu wanga kumudzi amakamba za feteleza, fizi ya ana ndi banki m'khonde, ndipo ndi zimene nanenso ndikanakamba. Amayi ndikawauza amangoti, "Mwanawe, zimenezo si zogwiragwira, uzipemphera." Anzanga a ku Manchester amadziwa ntchitoyi, koma Lamulungu amakumana kutchalitchi, amadya nsima limodzi, chimene chawalemera amachitula. Ine ndimatula pa maikolofoni ino. Ndipo ndinene poyera: sindikufuna kuti wina andimvere chisoni. Ntchitoyi ndimaikonda, agogowa ndimawakonda, ndipo sindingasinthe zimene maso anga aona ndi moyo wina.

Kwa inu amene mumandilembera kuti ndikupezereni malo, mverani bwino. Kuyambira March 2024 obwera kudzasamalira okalamba anasiya kuloledwa kubweretsa mabanja awo, ndipo mu July 2025 boma la UK linatseka njira yolembera anthu atsopano a ntchitoyi kuchokera kunja. Munthu akakuuzani kuti mumupatse mamiliyoni akupezereni visa ya ntchito imeneyi, musagulitse munda.

Ngati uliko m'bale wina amene uli wekha kumalo ngati ano, kaya ku Orkney, ku Norway kapena pa sitima ya nsomba, nditumizire mawu, ndidzawaika m'gawo likubwerali. Tikambiranenso za ufa, chifukwa wanga umachita kubwera pa positi. Zikomo, tsalani bwino.