Makalata a omvera: Ndikatsika basi mtima sukhala m'malo

Kalata yoyamba lero yachokera ku Kanyama muno mu Lusaka, alemba ndi amayi ogulitsa tomato, dzina ati tisatchule.

"Achimwene a pa wailesi, mwezi watha majanki, anyamata achifwamba a m'misewu aja, anandizungulira pa Lumumba Road cha m'ma 5 m'mawa ndikupita kukaoda ku msika wa Soweto, anatenga foni ndi ndalama zonse za oda zomwe ndinamanga pa chitenje, wina anatulutsa mpeni. Sanandibaye koma chiyambire tsiku limenelo ndikangotsika minibasi mtima umagunda ngati ng'oma, manja thukuta lokhalokha, ngwangwazi woitanira minibasi akakuwa ine miyendo imafuna kuthawa yokha. Masabata atatu sindinaode. Abambo a kunyumba akuti ndi ulesi."

Amayi pepani, pepani kwambiri. Ndipo abambo ngati mukumvera, munthu wodzuka 4 koloko kukaoda tomato ulesi autenga kuti? Mkazi wanu anaona mpeni ndi maso, mutu ukudziwa kuti zinatha koma thupi silinamve uthengawo, ndiye likamva phokoso lililonse likuyesa anyamata aja abweranso. Vuto la mantha otere ndi lakuti mukamakhala m'nyumba amanenepa, lero muopa Soweto, mawa City Market, kenako ndi ku tchalitchi komwe.

Ndiye osayamba ndi 5 koloko ya mdima ayi. Pitani cha m'ma 10 dzuwa lili pamutu, ndi mnzanu wa pamsika, opanda ndalama ya oda, mukagule ka repu ka ndiwo basi n'kubwerera. Mtima ukayamba kuthamanga imani pafupi ndi amayi anzanu, pumani pang'onopang'ono mpaka utsike, osathawa pakati chifukwa mukathawa mantha ndi amene awina. Kawiri katatu, kenako muziyamba kulawirira muli gulu, ndalama zambiri zikhale pa Airtel Money kapena MoMo, foni ingapite koma PIN imatsala m'mutu mwanu. Ku polisi post kanenani ndithu ngakhale mukuona ngati foniyo sibwera, ndipo nambala ya polisi ya 991 muisunge. Tulo tikapitiriza kukana kapena maloto a mpeni osatha, kafotokozeni ku kiliniki, ndipo wina akatchula chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama musachite manyazi, kumenekuja sikwa ovula zovala okha monga timanenera mu komboni.

Ina yachokera ku Matero, mnyamata walemba mwachidule: "Ankolo ife tatopa, manje ndimayenda ndi ka mpeni m'sokosi ndipo tagwirizana ndi anzanga kuti aliyense wokayikitsa usiku tizimuphunzitsa."

Iwe mphwanga, wokayikitsa ndi ndani? Unali ndi zaka zingati mu 2020? Nkhani ya gasi ija, yoti anthu ena akupopera gasi wokomola m'nyumba za anthu, inayambira ku Chingola, pofika February inali muno mu Lusaka, anthu kugona panja ndi zibonga, mpaka boma linatulutsa asilikali. Ine ndimakumbuka bwino, munthu ankangokuwa kuti "wa gasi!" ndipo gulu silinkafunsa, anthu anamenyedwa ena kuwotchedwa chifukwa chongokhala alendo pamalopo kapena kunyamula chikwama. Amene ankamenyawo sanali zigawenga, anali anthu amantha ngati iweyo lero. Kampeniko kasiye kunyumba kazisenda mbatata, apolisi akakupeza nako iwe ndi amene ugone m'selo. Ngati mphamvu zakuchulukirani pitani ku polisi ya kwanuko mukalembetse neighbourhood watch, gulu lolondera komboni mogwirizana ndi apolisi, kapena muziperekeza amayi ngati a ku Kanyamawa pa siteshoni m'mawa.

Timve kanyimbo kaye, tikabwerako pali kalata ya ku Chawama yokhudza ana obwera mochedwa kusukulu.